Mwapuma pantchito yosamalira anthu? Umu ndi mmene mungayambire kupenta mapiri ndi madambo kuno ku Mzuzu

Anzanga amene munagwira ntchito ku Social Welfare kapena m'mabungwe osamalira anthu, pano zaka 60 zakwana mwauzidwa kuti kapumeni, izi ndikulembera inuyo, ngakhale aliyense wopuma pantchito atha kutolapo kanthu. Ntchito yathu ija imatisiya ndi chizolowezi chovuta, maso anaphunzira kusaka vuto. Ukafika pakhomo pa munthu umayamba waona kaye ngati mwana ali ndi zipsera, ngati pamoto paphikidwa kanthu, ngati agogo akumwa mankhwala awo. Ndiye tsiku lina ulibenso failo, njinga yamoto ya ofesi wabweza, koma mutu palibe anauuza kuti ntchito yatha, nde umangoyendayenda usiku onse. Kupenta malo, ndikunena mapiri, mitengo, madambo, nyanja ndi mitambo, kumawapatsa maso omwewo chinthu choti achiyang'anitsitse koma chosafuna thandizo lako. Phiri la Kaning'ina silifuna ripoti. Ndiye nazi njira zake, mmene ndimachitira ine komanso mmene ndimawauzira amene amabwera kudzafunsa pakhonde.

Tiyambe ndi ndalama. Gratuity ikangolowa mu akaunti pamabwera kamzimu kena kake koti gula ichi gula icho, ndipo mukaona pa YouTube anthu ali ndi mabokosi a penti mitundumitundu ndi choimikira chithunzi cha miyendo itatu mudzayesa kuti popanda zimenezo palibe chingachitike. Bodza limenelo. Ndalama ija ili kale ndi eni ake, malata, fizi ya adzukulu, mankhwala a BP, ndipo tonse tinaona mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu m'mashopu nkukwera tsiku lomwelo. Dziikireni malire, ya penti pamwezi isapose imene mumagulira mayunitsi a foni. Ndipotu mwezi oyamba penti simukuifuna nkomwe.

Mwezi oyambawo gulani kope lopanda mizere, pensulo ya 2B kapena 4B, ndi labala. Olo khala la pambaula limagwira ntchito, bola likhale lofewa. Kenako tengani katoni ya sopo, dulani kawindo pakati kokula ngati bokosi la machesi awiri, muzisuzumira pamenepo diso limodzi mutatsinzina. Kawindoko ndi kofunika kwambiri chifukwa vuto la munthu oyamba ndi lofuna kulowetsa Mzuzu yense papepala limodzi, kuchokera ku Luwinga mpaka ku Msongwe. Sankhani kachigawo basi: mtengo umodzi, denga limodzi, phiri kumbuyo. Papepala lembani timabokosi ting'onoting'ono, ndipo mkati mwake musajambule masamba kapena njerwa ayi, ingopakani magawo atatu, poyera, potuwa ndi pakuda. Mukapsinyira maso pang'ono mudzaona kuti tizinthu tambirimbiri tija tasowa, kwatsala zigawo zikuluzikulu, zimenezo ndi zomwe mukufuna. Kabokosi kamodzi kasakutengereni mphindi zoposa zisanu. Mzere olekanitsa kumwamba ndi pansi musauike pakati penipeni pa pepala, ukwezeni ngati nkhani yanu ili pa munda ndi njira, utsitseni ngati nkhani ndi mitambo. Ambiri amafuna kudumpha gawoli ati ndi za ana a ku pulayimale, koma chithunzi chikakanika pa kabokosi ka pensulo, penti yodula sidzachipulumutsa.

Tsopano zipangizo. Penti ilipo ya mitundu itatu imene mudzamve. Ya oil imachedwa kuuma, masiku angapo, ndiye ndi chinyezi cha kwathu kuno mu June ndi July mutha kudikira mpaka kutopa, kuonjezera apo imafuna turpentine amene fungo lake silabwino kwa munthu wa chifuwa. Watercolour ndi yotchipa komanso yopepuka kunyamula koma siikhululuka, ukalakwitsa walakwitsa, ndipo imafuna pepala lake lokhuthala limene kuno silipezeka wamba. Ine ndimalimbikitsa acrylic. Imasungunuka ndi madzi, imauma m'mphindi zochepa, ndipo ukaphonya umangodikira iume nkupakanso pamwamba. Yang'anani m'mashopu a zolembera m'tauni, ikasowa tumani munthu opita ku Lilongwe kapena amalonda amene amadutsa pa Songwe kukaoda ku Tanzania. Pa machubu muwerenge maina awa: titanium white, imeneyi mugule yaikulu chifukwa imatha msanga, ultramarine blue, yellow ochre, burnt sienna, yachikasu yowala ngati lemon yellow, ndi yofiira imodzi. Basi. Yakuda ndi yagirini zisiyeni kaye m'shopu, ndifotokoza chifukwa chake.

Ngati machubu akukulemerani, pitani ku hadiweya mukagule kachitini ka PVA yoyera, ija yopakira khoma, ndi timabotolo ta tinta tosinthira mtundu wa penti, tabuluu, tachikasu, tofiira ndi tabulawuni. Anyamata olemba zikwangwani m'tauni muno adziwa bwino nzeru zoterezi, afunseni, samana. Mtundu wake sumawala ngati wa m'chubu koma pophunzirira ndi yokwana.

Maburashi atatu akwana, yophwatalala yaikulu ya inchi imodzi, yophwatalala yapakati, ndi yosongoka yaing'ono. Yaing'onoyo muziigwira kumapeto kokha, apo ayi mudzatha tsiku lonse mukuwerenga masamba a mtengo wa mapeyala. Popentapo, pitani kwa kalipentala akuduleni hardboard tizidutswa tofanana ndi pepala la A4, mukakula mtima A3. Kwechani ndi sandipepa mbali yosalalayo, pakani PVA yoyera kawiri, ndipo kumbuyo nakonso pakaniko kamodzi kuti bolodi isapindike ikamva chinyezi. Ofuna nsalu, gulani kaliko ku msika wa Taifa kapena kwa atelala, mmatizeni pa bolodi ndi guluu wa matabwa, akauma pakani PVA kawiri. Posakanizira penti chivindikiro cha ndowa yapulasitiki chikwana. Muonjezere zigoba ziwiri za madzi, chimodzi chotsukira china cha madzi oyera, sanza yakale, ndi kabotolo kopopera madzi kuti penti isakuumireni musanaigwiritse ntchito.

Musanatuluke panja ndi penti, khalani pakhonde masiku angapo mukungosakaniza mitundu, makamaka girini, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene zithunzi zambiri za kuno zimafera. Mzuzu ndi obiriwira pafupifupi chaka chonse, ndiye munthu amagula chubu cha girini nkupaka paliponse, chithunzi nkumaoneka cha pakalendala ya kampani ya feteleza. Koma tayang'anitsitsani. Paini wa ku Chikangawa ndi girini wakuda opita ku buluu. Tiyi wa ku Kawalazi ndi girini owala opita ku chikasu. Tsamba la nthochi dzuwa likaliomba kumbuyo limakhala pafupifupi chikasu chenicheni, pomwe bulugamu ndi otuwa, ndipo chimanga chosowa feteleza ndi china, chothiridwa ndi chinanso. Ndiye tengani bolodi imodzi muiwononge dala. Sakanizani buluu ndi chikasu chowala, pakani kadontho. Onjezerani chikasu, pakaninso pambali pake. Kenako buluu ndi yellow ochre, muona girini ofatsa wa udzu wa mu May. Girini akawala mopyola muyeso mthireni kafiira pang'ono kapena burnt sienna, amazizira pompo. Pansi pa kadontho kalikonse lembani ndi pensulo zomwe mwasakaniza, chifukwa pa msinkhu wathu uno mawa tidzakhala taiwala. Zakuda mupange nokha posakaniza ultramarine ndi burnt sienna, zimatuluka zakuda zamoyo, ndipo mukathiramo yoyera mupeza mtundu otuwa wa mitambo ya mvula. Dothi la katondo ndi burnt sienna, kafiira pang'ono ndi ochre, padzuwa muthiremo yoyera, pamthunzi muthiremo buluu. Mthunzi si wakuda, kawirikawiri umapita ku buluu kapena pepo, taonani mthunzi wa nyumba yanu pa dothi cha m'ma 4 koloko muvomereza. Kulimba kwa penti, isakhale ngati nsima ya dzulo isakhalenso ngati phala la khanda, ikhale yoti burashi ikuyenda koma mtundu ukubisa bolodi. Dziwaninso kuti acrylic ikauma imaderako pang'ono, nde sakanizani yowalirapo kuposa mmene mukufunira.

Mukazolowera zimenezi sankhani malo. Yambani ndi pomwe mukukhala, kaya ndi ku Chibavi, Zolozolo, Chiputula, Katoto kapena Mchengautuwa, mzinda uno ndi wa zitunda ndi madambo ndiye paliponse pali poonera patali. Madimba a m'mbali mwa Lunyangwa ndi abwino pophunzirira, mizere ya ndiwo imakusonyezani yokha mmene zinthu zimachepera zikamapita kutali. Sacramento, njinga ya kabaza ija, ikutulani pafupi ndi ndalama yochepa, ngati msana ukulola. Miyendo ikazolowera kwerani minibasi ya ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, mumachoka pa mamita pafupifupi 1,250 kutsikira kunyanja imene siyifika ndi mamita 500 omwe, ndiye m'njiramo mumaona mapiri atasanjikizana mizeremizere, mukapitirira pang'ono pa msewu wa ku Chintheche mupeza mitengo ya labala ya ku Vizara itaima m'mizere yake. Kumwera pa msewu wa M1 kuli Chikangawa, nkhalango yodzala ndi anthu ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene anaidzala poganizira fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe, pano malo ambiri ndi zitsa ndi timitengo tatsopano, ndipo ine ndimati pentani zitsazo momwe zilili, musabwezeretse nkhalango ndi burashi. Komweko kuli Elephant Rock, thanthwe lija looneka ngati njovu, labwino pophunzira kuwala ndi mthunzi pa mwala. Livingstonia, kumene a mishoni a Robert Laws anakhazikika mu 1894, ndi mathithi a Manchewe, komanso Nyika, zimenezo ndi za mtsogolo mukapeza okuperekezani, ulendo wake ndi olemetsa thupi.

Nthawi yake ndi mmawa isanakwane 9 koloko kapena masana kuyambira 3 koloko. Dzuwa likakhala paliwombo mithunzi imabisala pansi pa mitengo ndipo chilichonse chimaoneka chophwatalala. Mu June kumada msanga, ikamakwana hafu pasiti faifi dzuwa lapita, nde musachedwe kunyamuka. Nyengo nazo zili ndi zake. April ndi May mvula ikamatha mpweya umakhala oyera, mapiri akutali amaoneka bwinobwino. June ndi July ndi chifunga ndi mawawa, kozizira koma kokoma kwa openta chifukwa chifunga chimakufufutirani zosafunika. Kuyambira August mpaka October utsi wa moto olusa umatuwitsa chilichonse, dzuwa limalowa lofiira psuu, ndipo nthawi yomweyo mitengo ya m'nkhalango zachilengedwe imaphuka masamba ofiira ndi abulawuni asanasanduke girini, m'tauni majakaranda ali pepo. Kunyanja, mwera ukamaomba miyezi yozizira madzi amada ndi kuchita mafunde, ndipo masiku ena mudzaona nkhungu, tizilombo touluka ta m'nyanja tija, zitaima ngati utsi pamwamba pa madzi, alendo amayesa kuti kukupsa kanthu pakati pa nyanja.

Za chilolezo musazipepuse. Musakakhale ndi kope moyang'anana ndi Moyale Barracks, bwalo la ndege kapena nyumba ya boma, mudzavutika kufotokoza kuti mumangofuna mtengo uli kutsogolowo. Kumudzi yambani mwalonjera eni munda, "Monire adada, monire amama", nenani chomwe mwabwerera, ngati mukhalitsa kaonekereni kwa a mfumu. Mitengo yokongola kwambiri m'midzi yambiri ndi ya kumanda, imeneyo ipenteni muli patali ndipo musalowemo. M'nkhalango ya boma ngati Kaning'ina funsani kaye a zankhalango, ndipo musapiteko nokha. Ku maesiteti funsani pageti.

Tsopano mwafika, mwakhala pa kampando kanu, bolodi ili pamiyendo. Khalani kaye mphindi khumi osagwira burashi. Pangani kabokosi kamodzi kapena tiwiri ta pensulo tija. Mukasankha, pakani bolodi yonse ndi burnt sienna osungunula kwambiri ndi madzi, kuti kuyera kwa bolodi kusakusokonezeni maso, komanso kafiira kameneka kakamasuzumira pakati pa girini chithunzi chimaoneka cha dothi lathu. Zikauma, lembani mizere ikuluikulu yokha ndi burashi, pothera phiri, podutsa njira, poima mtengo.

Yambani ndi kumwamba. Pamwamba penipeni buluu ndi okhwima, kumatsika akuyera, pofika pa mapiri amakhala pafupifupi oyera ndi kachikasu pang'ono. Mitambo pansi pake ndi yotuwa komanso yophwatalala, pamwamba ndi pomwe pali kuwala, ndipo yakutali ndi yaing'ono yothithikana. Mukatha kumwamba bwerani pa phiri lakutali kwambiri, ndipo apa mverani maso osati mutu. Mutu ukuuzani kuti phirilo lili ndi mitengo ndiye ndi lagirini, koma maso akuona buluu otuwa, chifukwa mpweya ndi fumbi zili pakati panu ndi phirilo zimalifufutitsa. Phiri lililonse loyandikira likhale loderapo ndi lobiriwirapo kuposa la kumbuyo kwake. Lamulo limeneli lokha mukaligwira, chithunzi chanu chikhala ndi mtunda, munthu adzamva ngati atha kuyendamo. Kenako zapakati, minda, madenga, mitengo ngati zibulumwa osati tsamba ndi tsamba, mbali ya dzuwa yowala mbali inayo yakuda, ndipo siyani timipata toonekera kumwamba pakati pa nthambi. Zapafupi ndi zomalizira, apa ndi pomwe pakhale mitundu yokhwima kwambiri, kuda kwenikweni ndi kuwala kwenikweni. Ngati pali nyanja, mzere wa madzi ukhale owongoka ndithu, yezani ndi rula olo anthu akuseke, nyanja yopendekeka imaonekera patali. Munthu kapena ng'ombe mukafuna kuikamo, timadontho tiwiri titatu takwana, mutu ukhale waung'ono kuposa mmene mukuganizira.

Dzuwa limayenda, ndiye pakatha ola limodzi ndi theka mithunzi yasuntha. Musaithamangitse. Sankhani poyamba pomwe kuti kuwala kukuchokera mbali iti ndipo mukakamire pomwepo. Nthawi ndi nthawi imikani bolodi pa mwala, bwererani mmbuyo mapazi angapo, muone muli patali. Mukayamba kumangogwiragwira ndi kaburashi kakang'ono osadziwa chomwe mukukonza, longedzani. Jambulani malowo ndi foni kuti mukamalizire kunyumba ngati pali potsala, koma foni ikhale yokumbutsa chabe, imadetsa mithunzi ndipo mapiri imawachepetsa.

Pali chinthu china chimene openta ena sachidziwa koma ife a ntchito ija chimatipeza. Mukangokhala pansi ana amabwera, amayamba awiri, posakhalitsa mwazunguliridwa. "Agogo mukujambula chani? Phiri lija ndi limeneli? Bwanji simunaike nyumba yathu?" Wina akugwira chigoba cha madzi, wina akununkhiza penti. Ndiye inu maso aja ayamba kale ntchito, mwaona kuti kamtsikana kabereka mwana kumbuyoko ndi ka zaka ngati khumi ndipo lero ndi Lachiwiri nthawi ya sukulu, mwaona tsitsi lofiirira la kamnyamata kali kumapetoko, mwayamba kale kulemba ripoti mumtima. Apa malangizo anga ndi awa. Simungadzichititse khungu, ndipo lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana silinapume nanu limodzi. Koma simulinso ofesala, mulibe failo, mulibe mphamvu yolowa pakhomo pa munthu, ndiye musatsegule ofesi pansi pa mtengo. Ngati mwaona chinthu choopsadi, kauzeni ogwira ntchito yoteteza ana wa dera limenelo kapena ofesi ya Social Welfare, nkhani ya nkhanza ipite ku Victim Support Unit ku polisi, komanso pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Mukatero bwererani ku phiri lanu. Achinyamata amene anatsala mu ofesi aja asiyireni agwire ntchito, olo mukuona ngati inu mukanachita mwansanga. Ndipo akulu akakuzindikirani nkuyamba "bwana, dzina langa silinatuluke pa Mtukula Pakhomo", ayankheni mwaulemu kuti munapuma, alozereni koyenera, musalonjeze kanthu. Anawo mukafuna kuwasangalatsa nyamulani mapepala otha ntchito ndi tizidutswa ta pensulo, muwauze ajambule mtengo omwewo, mupeza mpata opuma. Ndalama ndi maswiti ayi, ndipo musawajambule pa foni popanda makolo awo.

Chinsinsi cha ntchito nachonso sichipuma. Musapente nyumba ya banja limene munaligwirirapo nkhani moti anthu nkuizindikira, ndipo poika chithunzi pa Facebook musayambe "pamudzi uwu ndi pamene ndinapeza mwana wina atatere". Mzuzu ndi ochepa, anthu amalumikiza msanga. Ngati nkhani zakale zikukubwererani usiku mpaka kusowa tulo, penti yokha siyingathe zimenezo, kalankhuleni ndi aphungu, ku St John of God konkuno ntchito yawo ndi imeneyo, ndipo palibe chamanyazi kuti amene ankatumiza ena kumeneko apiteko yekha.

Thupi nalo lisamaleni. Chipewa, juzi olo kukuoneka kotentha chifukwa nyengo ya kuno imatembenuka, madzi akumwa mu botolo losiyana kwambiri ndi la madzi a penti, kachakudya ngati muli ndi shuga, nsapato zotseka chifukwa cha njoka m'maudzu. Dzukani muziwongola msana pakapita kanthawi. Ngati mukuona mitundu ngati yafufuta kapena kuwala kukukuthobwani, kapimitseni maso, ng'ala imayamba choncho ndipo imachotsedwa. Uzani a kunyumba komwe mwapita, foni ikhale ndi moto.

Mukafika kunyumba chinthu choyamba ndi maburashi, tiyi pambuyo. Acrylic ikaumira mu burashi ndiye kuti yatha ntchito. Tsukani ndi sopo wochapira ndi madzi ozizira mpaka thovu liyere, wongolani tsitsi lake ndi zala, igonekeni. Musaisiye itaima m'madzi usiku onse, imapindika. Madzi a penti musathire m'dimba la ndiwo. Kumbuyo kwa bolodi lembani malo, tsiku ndi nthawi, patsogolo dzina lanu laling'ono pakona. Zithunzi musaziunjike pa simenti kapena kuzitsamiritsa ku khoma la chinyezi, kuno nkhungu yoyanga pa zinthu ndi chiswe sizichedwa, ziimikeni pa shelefu mpweya uzidutsa, ndipo ziwiri zisayang'anizane nkhope chifukwa acrylic imamatana. Chimene mwachikonda chipakeni vanishi wa madzi pakatha sabata kapena kuposa, wa matabwa uja amasanduka chikasu pakapita nthawi. Felemu akupangirani kalipentala ndi timatabwa ta paini, yosavuta, osati yonyezimira mpaka kuposa chithunzi. Zoipa musataye, sungani, pakatha miyezi ingapo muzitulutse muziike pambali pa zatsopano, apo ndi pomwe mudzaone kuti dzanja likusintha. Zina mudzazipakanso PVA nkupentapo china.

Kuti zisafere m'njira, ikani masiku. Munthu opuma pantchito amasanduka wa aliyense, komiti ya kutchalitchi, ya sukulu, banki mkhonde, ukhoswe, maliro, adzukulu akuti agogo alibe chochita asiyireni mwana. Sankhani mmawa uwiri pa sabata munene poyera kuti nthawi imeneyo simupezeka kupatula pa zovuta. Mukapeza mnzanu mmodzi kapena awiri, kaya mphunzitsi opuma kaya namwino, muziyenda limodzi, mumalimbikitsana komanso ndi chitetezo. Poonetsana zithunzi funsani funso limodzi lolunjika, monga "phiri ili likuoneka lakutali kapena ayi", chifukwa mukangofunsa kuti chili bwanji aliyense adzati chabwino kwambiri amayi, chabwino kwambiri adada, ndipo simuphunzirapo kanthu. Mukakhala ndi ulendo wa kuchigawo chapakati patukirani ku Mua mukaone Kungoni, malo a zaluso amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndi ku Chongoni ku Dedza kumene kuli zojambula za pamiyala za makolo akale, malo 127 amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Mukaona zomwe anthu anachita ndi dothi lofiira ndi loyera basi, dandaulo loti penti ikusowa limachepa.

Za kugulitsa, anthu adzayamba msanga kukuuzani kuti apa pali ndalama. Ine ndimati chaka choyamba musagulitse, chifukwa mukangoyamba kuganiza za ogula mudzapezeka mukupenta dzuwa likulowa ndi bwato ndi mlambe tsiku ndi tsiku, zomwe anyamata a ku Nkhata Bay amapanga kale mwaluso ndipo iwowo ndi pomwe amadyera. Pambuyo pake wina akafuna, werengani bolodi, penti, felemu ndi thiransipoti, onjezerani ya nthawi yanu, nenani mtengo osachita manyazi, ndipo alipire kaye asananyamule, za "ndikupatsani kumapeto kwa mwezi" mukuzidziwa kale. Achibale opempha chaulere apatseni chimene mwasankha inu, osati alowe m'chipinda azisankha okha. Wina akabwera ndi chithunzi cha malemu kuti muwapente nkhope, muuzeni mosabisa kuti inu ndi wa mapiri ndi mitengo, nkhope ndi luso lina, mulozereni kwa amene amazitha m'tauni muno. Ndipo chilichonse chisanatuluke pakhomo chijambuleni ndi foni, panja pamthunzi, osayatsa fulashi, foni itayang'anizana ndi chithunzi mowongoka kuti m'mbali musapendekeke.